Funsani Azakhali: Kodi phala losasa limabwezeretsa magazi?

Okondedwa Azakhali,
Miyezi itatu yapitayo anandiyeza kuchipatala n'kundiuza kuti magazi anga ndi ochepa, ati ali pa 10.4. Anandipatsa mapiritsi a ayironi, koma ankandidzimbira, ndiye ndinangowasiya. Mnzanga wina akuti ndikamasasitsa ufa ndisanaphike phala, magazi abwerera okha chifukwa kusasitsa kumawonjezera ayironi ndi zinki. Apongozi anga akuti ayi, zinthu zowawasa ndiye zimaumitsa magazi. Ndimvere ndani?
Mayi wa ana awiri

Mayi, onse awiri aphonya, kungoti mnzanuyo waphonya pafupi. Za apongozi n'zachidule: palibe chakudya chowawasa chimene chimaumitsa magazi. Mukawauze mwaulemu, ndipo musanene kuti mwamva kwa ine.

Za mnzanuyo ndiye tikhalepo pang'ono. Kusasitsa sikuika ayironi mu ufa ngakhale kadontho. Ayironi ndi zinki ndi michere yochokera m'nthaka. Mbewu inaitenga ili kumunda, ndipo tizilombo tosasitsa ufa tilibe mphamvu yolenga ina. Ufa umene munaviika dzulo uli ndi ayironi yemweyo amene unali naye usanalowe m'madzi. Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa ayironi amene matumbo anu angathe kutola, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera.

Njere ya chimanga, mapira, mawere, mpunga kapena tirigu sinapangidwe kuti idyetse inu ndi ine. Ndi kamba wa kambewu kamene kadzamere. M'kambamo muli fosiforasi wosungidwa bwino m'kanthu kotchedwa fayiteti. Ana amene ndinkawaphunzitsa za zakudya ndinkawauza kuti fayiteti ali ngati munthu wa manja asanu ndi limodzi, ndipo dzanja lililonse limakonda kugwira ayironi, zinki kapena kashiamu. Akagwira sataya. Chakudya chikafika m'matumbo aang'ono, momwe michere imalowera m'magazi, ayironi wogwidwayo sasungunuka, amangodutsa n'kukathera kuchimbudzi. Ng'ombe ndi mbuzi zili ndi tizilombo m'chifu tomwe timamasula manjawo. Ife anthu tinamanidwa.

Musaganize kuti moto ungathandize. Fayiteti sapsa. Phala mungalibwatitse mpaka mphika kupserera, iye ali phee.

Ndipo safunika kuchuluka kuti asokoneze. Mu 1989, Leif Hallberg ndi anzake ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anapatsa anthu timabanzi ta tirigu tothiridwa fayiteti mosiyanasiyana. Atathira wokwana mamiligalamu 2 okha, poyeza fosiforasi wake, ayironi wolowa m'thupi anatsika ndi 18 peresenti. Pa mamiligalamu 25 anatsika ndi 64 peresenti, ndipo pa 250 anatsika ndi 82 peresenti. Taonani manambalawo kawiri. Kuchoka pa 250 kufika pa 25 ndi kuchotsa fayiteti pafupifupi yense, koma ayironi akadali womangika ndithu. Apa ndi pamene ambiri olemba za ubwino wa kusasitsa amathamanga. Kuchepetsa fayiteti ndi theka kumamveka bwino, koma kwa ayironi phindu lenileni limaoneka fayiteti akatsala pang'ono kutheratu.

Nanga amamasula manjawo ndani? Njere yomweyo inanyamula kiyi wake. Ndi enzayimu, kanthu kachilengedwe kamene kamaphwanya zinthu zina, yotchedwa fayitezi. Maina awiriwa amafanana mokwiyitsa, ndipo ophunzira anga ankawasokoneza chaka ndi chaka, choncho tingoti fayiteti ndi womanga, fayitezi ndi womasula. Womasulayu amagona njere ikakhala youma. Amadzuka ikanyowa, n'kuyamba kudula manja aja limodzilimodzi. Amagwira bwino ntchito pamalo ofunda, cha m'ma 45 mpaka 55 digiri, komanso powawasa pang'ono, pa pH ya cha m'ma 5 (pH ndi muyeso wa kuwawasa, ndipo nambala yake imatsika kuwawasa kukamakula). Mukaviika ufa m'madzi n'kuusiya, mabakiteriya opanga asidi wa lactic, a gulu lomwelo limene limasasitsa mkaka, amayamba kudya shuga wa mu ufamo. Asidi wawoyo amatsitsa pH kufika pomwe womasula amakonda. Ena mwa mabakiteriyawo ndi yisiti amabweranso ndi womasula wawo, ngakhale si onse. Asidi wa lactic yemweyo amathandizanso kuti ayironi ndi zinki akhale osungunuka.

Ndiye kuwawasa kumene mumamva pa lilime si mankhwala ake enieni. Ndi chizindikiro chabe chakuti malo anali abwino kuti ntchito igwirike. Ntchitoyo imafuna zinthu ziwiri, nthawi ndi ufa wosaphika. Womasula amafa ndi moto. Mukaphika phala kaye kenako n'kulisiya kuti lisase, mwapha wantchito asanayambe ganyu, ndipo mwangotsala ndi chimene tizilombo tingachite patokha, chomwe nthawi zambiri n'chochepa. Komanso kusasa kwambiri sikutanthauza kuti zayenda bwino kwambiri. Asidi akachuluka, pH n'kutsika kupitirira 4, womasula wa m'njere amafooka. Tsiku loyamba ndi limene limagwira ntchito yaikulu.

Kuti muone chimene chingatheke womanga atachotsedwa yense, Richard Hurrell ndi anzake anafalitsa zotsatira mu 2003. Iwo sanasasitse, anachita kuthira fayitezi m'phala kuti fayiteti atheretu, n'kuyeza ayironi amene analowa m'magazi a anthu. Phala la chimanga linachoka pa 1.8 peresenti kufika pa 8.9. La mpunga linachoka pa 1.7 kufika pa 5.3. La tirigu linachoka pa 1 peresenti kufika pa 11.5. Manambala amenewa ndi denga. Zapakhitchini zimathera m'munsi mwake.

Chifukwa chake n'chakuti mbewu sizinagawiridwe womasula mofanana. Tirigu ndi mbewu zofanana naye monga rye ndi balere ali naye wambiri. Chimanga, mapira, mawere ndi mpunga ali naye wochepa. Oats amene amagulitsidwa m'mapaketi amakhala atawotchedwa kale kufakitale kuti asachite fungo, ndiye wake anafa kalekale. Amene amaviika oats usiku wonse n'kumati achotsa fayiteti amangodzisangalatsa. Ufa wa chimanga wokhawokha ukasasa tsiku limodzi kapena awiri, fayiteti amatsika ndithu koma satha.

Ine ndimachita chonchi. Pa makapu asanu ndi anayi a ufa wa chimanga kapena mapira ndimathirapo kapu imodzi ya ufa wa tirigu wosachotsa gaga, wosakazinga. Tiriguyo amabwereketsa womasula wake kwa anzake. Tirigu akasowa ndimathira chimera, chifukwa njere ikamera womasula amachuluka, poti ndiyo nthawi imene kambewu kamafuna fosiforasi wake. Ndimasakaniza ndi madzi ofunda oti chala n'kupirira, kuvundikira, kusiya pamalo otentherako usiku ndi usana umodzi, kenako n'kuphika. Kamadzi ka mtanda wa dzulo umene unasasa bwino ndimakasunga kuti kayambitse wa lero. Nditangoyamba zimenezi ndinkaika mabotolo anayi pawindo ndi timapepala toyezera pH, ndipo bambo a kunyumba anataya awiri poganiza kuti ndaiwala kutsuka. Mpaka lero amakana.

Tsopano tibwere kwa inu mayi, chifukwa zonsezi zisakusocheretseni. Tiwerengere limodzi. Magalamu 100 a ufa wa chimanga wosakonola amakhala ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu awiri ndi theka. Thupi likatola 2 peresenti, lapeza mamiligalamu 0.05. Likatola 9 peresenti, ija tati ndi denga, lapeza 0.2 ndi kakusefukira. Mayi amene akusamba mwezi ndi mwezi amafunika kuti pafupifupi miligalamu imodzi ndi theka ilowe m'magazi tsiku lililonse kuti angobweza zimene zatayika. Inu simukungobweza, muli ndi ngongole. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene sali woyembekezera akatsika pa 12 ndiye kuti magazi ndi ochepa, ndipo inu muli pa 10.4. Piritsi limodzi lija lili ndi mamiligalamu pafupifupi 60. Phala losasa lingathandize munthu kuti asagwe m'dzenje, koma inu muli kale m'kati.

Bwererani kuchipatala mukanene zoona, kuti munasiya chifukwa cha kudzimbidwa. Sadzadabwa, amazimva tsiku ndi tsiku. Angakuuzeni kuti muzimwa modumphitsa tsiku, kapena mutadya kaye, kapena angakusinthireni mtundu wa mankhwala. Chimbudzi chikada musaope, ndi momwe ayironi amachitira. Muwafunsenso chimene chikudya magaziwo, chifukwa njoka za m'mimba, malungo ndi msambo wochuluka sizimva phala. Ine ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri ndinkalakalaka dothi ngati nyama yootcha, ndipo ndinkabisa chifukwa cha manyazi. Anali ayironi atachepa. Chilakolakocho chinatha nditamwa mapiritsi milungu ingapo.

Phala losasalo pitirizani, koma tiyi ndi khofi azidikira ola limodzi kapena awiri mutadya. Kapu ya tiyi ikhoza kudula ayironi wa chakudya chimenecho kupitirira theka, n'kubweza mmbuyo zonse zimene munavutikira usiku wonse.

Azakhali,
Ndimaphika buledi ndekha m'nyumba, wa ufa wa tirigu wabulauni. Ndilibe nthawi yodikira mtanda masiku awiri. Kodi ndikangofinyira ndimu kapena viniga si chimodzimodzi? Nanga yisiti wa m'paketi sakwanira? Za zinki sindizimvetsa n'komwe, poti anthu amangokamba za ayironi.
Mnyamata wokhala yekha

Mwanangu, funso lako landisangalatsa chifukwa waganiza ngati wasayansi waulesi, ndipo aulesi otere ndiwo amatulukira njira zachidule.

Kwa tirigu, nzeru yakoyo ili ndi mutu. Tirigu ali kale ndi womasula wambiri, amangofuna malo owawasa pang'ono. Ukathira ndimu kapena viniga pang'ono mu mtanda wauwisi, wamukonzera malowo osadikira mabakiteriya. Koma nthawi singagulidwe. Mtandawo uyenera kukhalabe maola angapo usanalowe mu uvuni. Yisiti wa m'paketi amafufumitsa msanga koma sawawasitsa kwenikweni, ndipo buledi amapsa womasula asanafike patali. Akatswiri a ku France atayerekeza mu 2001 anapeza kuti mtanda wa tirigu wosasitsidwa ndi mabakiteriya unataya 62 peresenti ya fayiteti, pamene wa yisiti yekha unataya 38 peresenti. Njira yosavuta kwa munthu wotanganidwa ngati iwe ndi kukanda madzulo ndi yisiti wochepa, n'kuphika mawa lake. Soda ndiye mdani. Amakweza pH, womasula n'kukhala manja lende.

Ndimu wofinyira m'chakudya chophikidwa kale ndi nkhani ina. Sachotsa fayiteti, koma vitamini C wake amasintha ayironi kukhala mu mtundu umene matumbo amatola mosavuta, ndipo amalimbana ndi womanga uja maso ndi maso. Gulu la Hallberg lomwe lija linaonetsa zimenezi. Lalanje, gwafa kapena tomato wamuwisi pambali pa mbale amachita zomwezo. Ufinyire chakudya chitaphulidwa, chifukwa vitamini C sapirira moto wautali. Kwa zinki, vitamini C alibe thandizo lodziwika. Zinki amadalira kuti fayiteti achepe, kapena kuti pambale pakhale nyama, nsomba kapena mazira.

Wati za zinki suzimvetsa. Dziko lonse linazimvetsa mochedwa, ndipo linaphunzira kudzera m'buledi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, dokotala wina wobadwira ku India, Ananda Prasad, akugwira ntchito ku Shiraz m'dziko la Iran, anaona mnyamata wa zaka 21 wooneka ngati mwana wa zaka 10. Anali wamfupi, wosakhwima m'thupi ngati mwamuna, magazi ochepa, ndipo ankadya dothi. Chakudya chake chinali buledi wa tirigu wosachotsa gaga, wosafufumitsa, nyama mwa apo ndi apo. Panapezeka anyamata ena otero. Prasad analemba za iwo mu 1961, ndipo atapitiriza ntchitoyo ku Egypt anatsimikiza mu 1963 kuti vuto linali zinki. Atapatsidwa zinki anayamba kukula. Chopweteka n'chakuti tirigu amene ankadya anali ndi zinki ndithu. Anali womangidwa, chifukwa mtanda unkapita pamoto usanapatsidwe nthawi.

Thupi la munthu wamkulu lili ndi zinki magalamu awiri kapena atatu, koma lilibe nkhokwe yake yeniyeni monga lilili ndi ya ayironi m'chiwindi, choncho amafunika tsiku ndi tsiku. Akachepa, mwana amapinimbira, amatsegula m'mimba pafupipafupi, zilonda zimachedwa kupola, chakudya sichikoma. Akatswiri amawerengera kuti tinthu ta fayiteti tilipo tingati pa kanthu kamodzi ka zinki. Tikapitirira 15, WHO imayerekeza kuti thupi limatola pafupifupi 15 peresenti ya zinki wa m'chakudyacho. Pakati pa 5 ndi 15 limatola pafupifupi 30 peresenti, ndipo pansi pa 5 limafika 50. Mbewu zosakonola zimapitirira 15 kutali. Ubwino wa zinki ndi wakuti sauma mtima ngati ayironi. Manja awiri kapena atatu a womanga akangodulidwa, zinki amayamba kumasuka, pamene ayironi amagwidwabe ndi otsalawo. Choncho mtanda wako wa usiku umodzi ungathandize zinki kuposa ayironi.

Ungafunse kuti bwanji osangodya buledi woyera, poti fayiteti wa tirigu amakhala ku gaga. Zoona, koma ayironi ndi zinki amakhalanso komweko. Ukachotsa gaga wathamangitsa wakuba pamodzi ndi katundu. Kwa chimanga, zambiri zimakhala ku mtima wa njere, ndipo kukonola kumachotsa zonse pamodzi chimodzimodzi. N'chifukwa chake maiko ambiri amalamula kuti ufa woyera wa kufakitale uzithiridwa ayironi ndi zinki.

Azakhali,
Mdzukulu wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndimamuphikira phala la mapira ofiira, losasitsa, n'kuthiramo mkaka wa ng'ombe. Ndikuchita bwino?
Agogo

Agogo, dzanja lanu ndi labwino, koma mapirawo ndiwo ndikukayika nawo. Mitundu ina ya mapira ofiira ndi abulauni, makamaka amene mbalame zimawakana, ili ndi tanini, chinthu chomwe chimachititsa tiyi kumata m'kamwa. Tanini naye amamanga ayironi, ndipo womasula uja alibe naye ntchito. M'kafukufuku wa Hurrell uja, phala la mapira a tanini wambiri silinasinthe kwenikweni ngakhale fayiteti atachotsedwa. Tafunani njere imodzi yaiwisi. Ikamata lilime, mwanayo muzimuphikira mapira oyera kapena mbewu ina. Phala lothira mkaka nalonso silinapindule monga lophika ndi madzi, chifukwa kashiamu ndi mapuloteni a mkaka amatsekereza ayironi mwa njira yawo. Mkakawo si woipa, koma musaudalire pa nkhani ya magazi.

Pa msinkhu umenewu ayironi amene mwana anabadwa naye amakhala akutha, kamimba kali kakang'ono, ndipo phala la mbewu lokha silingakwanitse ngakhale litasasa bwanji. Muzisinjiramo kachiwindi, dzira, nsomba kapena nyama yophikidwa bwino. Ayironi wa m'nyama ndi m'nsomba amalowa ndi khomo lina limene fayiteti salilondera, ndipo amakokanso wa m'phalamo. Kasupuni ka chimera m'phala lolimba kamalisungunula popanda kuthira madzi, mwana n'kumeza chakudya chambiri m'masupuni ochepa. Mukatero mulibwatitsenso pang'ono. Kuyamwa apitirize.

Azakhali,
Mtanda ungakhale masiku angati? Wanga nthawi zina umachita timawanga pamwamba, ndimangoyengula n'kuphika.
Wowerenga wanu

Tayani. Fungo la mtanda wabwino ndi lowawasa moyera, ngati mkaka wosasa, ndi tithovu pamwamba. Wa chuku chobiriwira, chakuda kapena chapinki, wonanda, kapena wonunkha ngati chinthu chowola, si woyengula. Poizoni wa chuku safa ndi moto, ndipo kusasitsa sikuyeretsa mbewu imene inali yowola kale isanagayidwe. Asidi akakwera msanga amatchinga tizilombo tambiri totsegula m'mimba, n'chifukwa chake ndimakonda kuyambitsa ndi kamadzi ka dzulo. Mtanda umene watha tsiku lathunthu uli pofunda koma osawawasa, china chake chalakwika.

Pali bakiteriya wina, Burkholderia gladioli, amene amatha kumera mu ufa wa chimanga wonyowa n'kupanga poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopanda fungo, wosamva moto, wopanda mankhwala ake. Mu Okutobala 2020, ku Jixi m'chigawo cha Heilongjiang ku China, anthu asanu ndi anayi a banja limodzi anamwalira atadya chakudya cha m'mawa chopangidwa ndi ufa wa chimanga wosasitsa umene unasungidwa pafupifupi chaka. Zotere sizichitikachitika, koma zimachitika. Ine ndimasasitsa wokwanira kudya tsiku limenelo ndi mawa lake, m'chiwiya chotsuka bwino, ndi madzi oti ndingamwe. Nyengo yotentha tsiku limodzi limakwana, yozizira awiri. Tsiku lachitatu likafika ndisanaphike, nkhuku nazo sindizipatsa.